Chitseko cha a Cassim

Gulu: Akumudzi Doha
Jafali, Rehema, Ernest

LACHIWIRI, 24 APRIL 2018

Jafali 13:42
Ernest uli free? coach wandiuza zinthu, mutu sukugwira

Ernest 13:44
ndili pa parking West Bay kudikira bwana. lemba pompano aise, credit mafi, yatheratu

Jafali 13:45
akuti Lachisanu pa semi final power play ikayamba ndisatsegule chitseko

Ernest 13:45
eee kkkk Dazi wafika pamenepo

Rehema 13:53
chitseko chiti abale? Jafali si uli security ku ice ya mu mall iwe

Jafali 13:55
eya achemwali km masiku a game amandiika pa benchi ya team. ntchito yanga kutsegula ndi kutseka kachitseko kolowera pa ice

Rehema 13:56
ndy wolembedwa kutsegula akuuzidwa asatsegule. Dazi ndi ndaninso

Ernest 13:57
coach wawo sisi, mzungu wa mutu wonyezimira. anasewerako professional kwawo ku Ulaya. dikirani ndikuphunzitseni, mlongo wanuyu amafotokoza ngati mawu akugula

Ernest 14:00
[mawu, 1:26]
Sisi Rehema, tcherani khutu. Masewera awa, ice hockey, si mpira wa kwathu woti munthu akalowa walowa mpaka referee atope. Pa ice munthu amathamanga kamphindi kamodzi, mpweya watha, atuluke, wina alowe, game osaima. Ndiye akutsogolo amawamanga atatuatatu, amati line. Line one ndi akatswiri, line two ndi apakatikati, line three ndi aja timati abwera kale, tiwatani. Tsopano wa team inayo akalakwa, kaya wakola mnzake ndi ndodo, amakamutsekera m'kachipinda two minutes. Inu muli asanu, iwo anayi. Imeneyo ndiye power play. Ndi nyama yogwera yokha m'mbuna imeneyo, sisi, simutumizako aliyense. Coach amasankha asanu ake enieni. Ine ndimaonera ma professional pa TV ndi bwana wanga wa ku Canada uja. Iye pa sofa, ine panja pa window ndikupukuta galimoto, koma game ndi imodzi.

Rehema 14:06
zamveka pang'ono. nanga chitseko chalakwa chani

Jafali 14:07
anyamata salowera pa chitseko, amangodumpha mpanda. pa chitseko amalowera munthu mmodzi yekha

Rehema 14:07
ndani

Jafali 14:11
a Cassim

Rehema 14:12
a Cassim omwewa?

Rehema 14:12
Jafali

Rehema 14:16
[mawu, 1:04]
Ndikulankhula motsitsa, madam agona. Iwe waiwala August? Ine sindinaiwale. Kundiimbira munthu wosamudziwa, akuti brother wako wagwa pa gate ya parking, ali pa drip. Ine kuno ku Bin Omran osaloledwa kutuluka mpaka Lachisanu. Dokotala anati chiyani za impso zakozo? Anati dzuwa lina ngati limeneli sizipirira. Utachira anakubweza pa gate pomwepo. Ndiye munthu wakumva ukulankhula Chichewa pa foni, watsitsa galasi la galimoto, akuti mwaswera bwanji achimwene. Mmwenye wa ku Limbe, wachikulire. Wapita yekha kwa mudir, manijala wako uja, kuti mwanayu mumuike ku ice, kozizira. Lero iwe umutsekere chitseko? Ayi, Jafali. Ayi.

Jafali 14:21
sindinaiwale achemwali

Jafali 14:22
km mudir ananena poyera. ku rink ndikhala ngati coach akundifuna. akapanda kundifuna ndibwerera gate 4. ndipo May ndi uyu

Ernest 14:23
kunja kwayamba kale. galimoto ikuti 39

Jafali 14:30
[chithunzi: bolodi yoyera, timitanda tisanu ndi mivi]
izi ndi zomwe wajambula coach

Ernest 14:35
[mawu, 1:31]
Onani chithunzicho sisi, kuti musati Dazi ndi mfiti chabe. Kumbuyo kamtanda kamodzi, ameneyo ndi bwana wanga, amagawa puck, kampira kakuda kaphwatalala kaja. Pakati atatu, wina kumanzere, wina kumanja, wina pakatikati. Ndiye mmodzi kutsogolo kwenikweni, amaima pamphuno pa goalkeeper kuti asaone kanthu. Amati one three one, ma professional ambiri amatero masiku ano. Pamphunopo a Cassim akhalapo chiyambire team, poti anaiyambitsa ndi iwo. Anaphunzira hockey ali pa sukulu ku Canada. Ndipo mimba ija, sisi, goalkeeper amangomva anthu akukuwa kuti chalowa. Vuto ndi lakuti puck ikalandidwa, asanu onse ayenera kuthamangira kumbuyo. A Cassim akamabwerera mutha kutereka tiyi. Zaka fifty-eight, bondo lovuta. Ma game awiri apitawa tagoletsedwa ife, tili asanu iwo anayi. Manyazi amenewo ku professional coach amalongedza katundu. Ndiye Dazi wawatsitsira ku line three, pamphuno waikapo mnyamata wa ku Finland.

Rehema 14:41
bwj osawauza yekha coach wakoyo. ali ndi pakamwa

Jafali 14:42
anawauza last week. anaseka, anamusisita dazi. power play itabwera anaimirira, ine ndinatsegula, analowa

Ernest 14:43
ndy coach waona kt munthu sangamuthe, athe chitseko kkkk

Jafali 14:43
sizoseketsa man

Ernest 14:44
ndikudziwa aise. bwana watuluka, yalla, tiyankhulana

LACHITATU, 25 APRIL

Jafali 12:18
[chithunzi: samusa m'kabokosi ka pulasitiki]
a Cassim andibweretsera. akuti apanga akazi awo

Ernest 12:20
undisungire ziwiri

Jafali 12:21
sindinadye ndi imodzi yomwe. zikundikanika

Rehema 12:40
anena chani

Jafali 12:44
mwana wawo Maliyamu wabwera kuchokera ku Toronto. akuti sanawaonepo akusewera chichokereni ali wamng'ono. Lachisanu adzakhala pa stand

Jafali 12:45
akuti Jafali mwana wanga, power play ikangoyamba unditsegulire msanga, bondo silifuna kudikira. season ino ndi yomaliza

Rehema 12:46
iwe wati bwj

Jafali 12:46
ndati chabwino bwana

Ernest 12:47
nanga kwa Dazi dzulo unati bwj

Jafali 12:52
yes coach

Ernest 12:52
aise

Ernest 12:53
mapanga awiri avumbwitsa

Jafali 12:55
ndikanati chani? wina wandigwira paphewa, wina akundiloza ndi marker. pakamwa panangotseguka pokha

Jafali 12:57
ndatopa ine. ku gate munthu umangokweza chitsulo, kutsitsa chitsulo. palibe amakufunsa za line

Rehema 13:02
usalankhule choncho. ku gate sukubwerera

Ernest 13:15
mwina a Kuwait amene tikusewera nawowo sadzalakwa. popanda penalty palibe power play, khalas, nkhani yatha

Jafali 13:16
ndi zomwe ndikupempha pa swala iliyonse

Ernest 13:17
kkkk munthu woyamba mu mbiri ya hockey kupempherera adani asachimwe

Ernest 13:19
km ndisakunamize. number 4 wawo uja ndodo yake imakhala m'miyendo ya anthu ngati galu wa pa msika

LACHINAYI, 26 APRIL

Jafali 09:05
ndaganiza. ndiwauze a Cassim lero pa practice kt coach wandiletsa

Jafali 09:31
achemwali mwaona?

Jafali 10:48
achemwali

Rehema 13:34
pepa ndimasita makatani a nyumba yonse, mawa kuli alendo. off yanga yapita

Rehema 13:39
[mawu, 1:48]
Jafali, tamvera. Iwe mwana wa dzana, ukaime pamaso pa bambo wa imvi, wakudyetsa dzulo lomweli, uwauze kuti bwana simulowa? Mwana wawo wakwera ndege kudzawaona. Amayi anatilera choncho? Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Ndipo akakwiya, mudir ndi mnzawo, amamwa naye tiyi. Ukakana coach, gate. Ukakana a Cassim, gate. Ndiye usakane aliyense. Ine nyumba ino ndakhalamo bwanji zaka zonsezi? Madam akandiuza chosatheka sindinena no. Ndimati hadir madam, pompano madam. Ndiye ndimachedwa. Ndafuna ndowa, ndafuna sopo, mwana walira, mpaka iwo eni aiwala kapena asintha maganizo. Palibe wachita manyazi. Wamkulu sakanidwa, amachedwetsedwa. Iwe uchite ngati loko yalimba. Ugwedeze, upepese, ugwedezenso. Two minutes si chaka. Ikatha, watsegula, alowa ndi line three yawo, mwana wawo wawaona. Coach wakondwa, a Cassim akwiyira loko.

Ernest 13:50
sisi Dazi achoke, coach mukhale inu

Ernest 13:51
km kunena zoona zitha kugwira. zitseko za pa ice zimalimba ndi kuzizira, ndinaonapo pa TV

Jafali 14:02
ndi bodza limenelo achemwali

Rehema 14:04
ndi ulemu. bodza ndi kuba

Jafali 14:05
yathu ija siinalimbepo. ndimaithira mafuta ndekha

Rehema 14:05
akudziwa ndani

Rehema 14:09
Jafali ine sindifuna kuimbiridwanso foni ndi munthu wosamudziwa. wandimva?

Jafali 14:20
ndamva

Jafali 17:46
practice yatha. a Cassim amayeserera okha pamphuno pa goal yopanda munthu. coach amangoyang'ana bolodi

Jafali 17:47
sindinawauze

Rehema 17:58
wachita bwino. udye

LACHISANU, 27 APRIL

Jafali 14:52
ndachokera ku mzikiti, ndafika. foni ndikusiya mu locker. Ernest uziwauza achemwali

Rehema 14:55
Allah akutsogolere

Ernest 15:24
ndakhala kuseri kwa benchi penipeni. Jafali wavala jekete ziwiri, nkhope ngati ali pa maliro

Ernest 15:25
Maliyamu ndamuona. wanyamula pepala lalikulu walembapo number ya bambo ake

Ernest 15:52
period yoyamba yatha 1-0 ife. penalty mafi. mapemphero a mlongo wanu akugwira

Rehema 16:01
alhamdulillah. ma period ndi angati

Ernest 16:02
atatu. a Cassim alowa kanayi ndi line three, Jafali akutsegula bwinobwino. akatuluka akupuma ngati basi ya Karwa pa mtunda

Ernest 16:29
2-2. a Kuwait adzuka. Dazi wasakaniza ma line, wa Finland wamukweza line one, wina wamutsitsa. akungofufuta bolodi ndi chikhatho

Ernest 16:30
penalty imodzi km yathu. tinapirira

Rehema 16:44
alendo afika, ndili ku kitchen. uzilemba ndiziona

Ernest 16:51
period yomaliza. number 4 wayamba misala yake, referee akumuyang'ana

Ernest 16:58
yatsala 5 minutes. akanangopirira anthuwa

Ernest 17:00
eish

Ernest 17:00
wakola. dzanja la referee lili m'mwamba

Ernest 17:00
power play

Rehema 17:03
ndy?

Rehema 17:06
Ernest

Rehema 17:11
Ernest zatha bwj

[Rehema waimba, 17:15, sinayankhidwe]

[Rehema waimba, 17:22, sinayankhidwe]

Ernest 17:49
[mawu, 3:12]
Sisi. Ngati mwanyamula mbale tsitsani kaye. Jafali ali bwino, sanavulale, ndiyambe ndi zimenezo. Referee atangoimba wezulo, Dazi anakuwa, asanu ake aja anadumpha mpanda ngati mbuzi zaona chimanga. A Cassim anaimirira pang'onopang'ono. Anakonza chisoti, anayang'ana kumtunda kuli Maliyamu, anamukwezera ndodo. Mwana anaimirira ndi pepala lake lija. A Cassim afika pa chitseko. Jafali wawerama, manja onse awiri pa loko. Ine ndili pafupi, ndikumva zonse. Akuti ndikutsegula bwana. Akugwedeza. Akuti yalimba bwana, pepani bwana, ndikutsegula. Maso ake sanawadzutse ndi kamodzi komwe. Malo ozizira chonchi, mwana thukuta kamukamu, likudontha pa chitsulo. Ine ndikuyang'ana wotchi, ikuyenda ngati yadwala. Pa ice zinthu zikuyenda bwino, sisi, ndi zomwe zikundiwawa. Bwana wanga wapatsa kumanzere, kumanzere wabweza, wa Finland waphimba goalkeeper, monga anajambulira Dazi. A Cassim anamuyang'ana Jafali nthawi ndithu. Kenako anamugwira paphewa, mofatsa. Ine ndinati basi, akukhala pansi, sisi Rehema apambana. Ayi. Anaponya ndodo pa ice, nakweza mwendo pa mpanda. Munthu amene sanadumphepo mpanda chiyambire ndimudziwe. Mwendo umodzi unadutsa. Winawo, wa bondo uja, mpeni wa pansi pa nsapato ya pa ice unakola m'mphepete. Anagwa chammbali, thupi lonse lija pa chiuno. Phokoso lake sindikufuna kulimvanso. 

Ernest 17:54
[mawu, 1:20]
Ndiye Jafali, sisi. Loko yolimba ija anaitsegula ndi chala chimodzi. Chitseko phaa. Kuthamangira pa ice ndi nsapato za security, kuterereka, kugwa, kukwawa mpaka pomwe agona a Cassim. Sanaganize n'komwe. Koma benchi yonse inaona, mudir anaona, Maliyamu anaona. Chitseko chomwe chimakanika chatseguka ngati cha fridge. A Cassim atengedwa pa machira, ambulance yapita nawo. Referee anati tinali six pa ice, penalty yathu, power play yafera pomwepo. Anayi kwa anayi, a Kuwait anagoletsa. Three two. Palibe analankhula za game.

Rehema 18:02
inna lillahi

Rehema 18:02
a Cassim akulankhula?

Ernest 18:04
amalankhula. anagwira dzanja la mwana wawo

Rehema 18:05
Jafali ali kuti

Ernest 18:06
mu office ya mudir ndi Dazi. ine bwana akufuna kupita kuchipatala, ndinyamuke

Rehema 18:07
Jafali ukatenga foni undiimbire

Rehema 19:30
Jafali

LOWERUKA, 28 APRIL

Rehema 06:12
wadzuka bwj achimwene

Rehema 08:40
ndikuona kt wawerenga

Rehema 13:25
Ernest wamva chilichonse?

Ernest 13:48
chiuno chathyoka, operation inali m'mawa. bwana akuti yayenda bwino km za ice aiwale

Ernest 13:52
[mawu, 0:58]
Za mu office ndamva kwa bwana. Dazi sanakane, sisi, ndisamunamizire. Anauza mudir kuti eya, ndinamuuza atseke. Koma akuti ndinamuuza atseke ndi kunena kuti coach waletsa, mlandu ukhale wanga. Sindinamuuze achite drama. Akuti munthu wa pa chitseko ayenera kukhala woti akati chatsekedwa, onse adziwe kuti chatsekedwa. Mudir anafunsa Jafali ngati loko inali ndi vuto. Jafali anati ayi. Anamufunsa amene anamuphunzitsa zimenezo. Anati palibe.

Rehema 14:10
anati palibe

Ernest 14:11
eya

Ernest 17:35
ndadutsa ku accommodation yawo. wagona choyang'ana kukhoma. anzake akuti sanadye, ndamusiyira tiyi wa karak ndi chapati

Rehema 17:37
zkm Ernest

[Rehema 17:52, uthengawu wafufutidwa]

[Rehema 17:58, uthengawu wafufutidwa]

LAMULUNGU, 29 APRIL

Jafali 11:14
andibweza gate 4. kuyambira mawa, 6 to 6

Ernest 11:16
eish aise

Rehema 11:20
ayi. pepala la dokotala lija unawaonetsa?

Jafali 11:23
akuti kwina kulibe malo. ndikakana ndi ticket yobwerera kumudzi

Rehema 11:24
a Cassim akachira angalankhulenso ndi mudir. ndi munthu wabwino. tipite tikawaone, tigwade, ine ndipempha madam

Jafali 11:31
anditumizira izi

Jafali 11:31
[mawu otumizidwa kuchokera kwa a Cassim, 1:52]
Jafali. Ndine Cassim. Mawu akuchedwa, mankhwala awa. Andiika chitsulo m'chiuno, akuti ndidzayenda, ndi ndodo. Maliyamu wandiuza za chitseko. Ndamufunsa kawiri. Ine ndinakhulupirira, ukudziwa? Ndinaona ukuvutika ndi loko, thukuta pamphumi. Ndinati mwanayu amukalipira chifukwa cha ine, ati sadziwa ntchito, amubweza pa dzuwa. Ndinati ndisamuvutitse, ndidumphe ngati anzanga. Kupusa kwa nkhalamba. Ine ndakulira ku Limbe, mwana wanga, ndikudziwa mmene timalemekezera akulu kwathu. Koma ukanangoti ayi bwana, coach waletsa, ndikanatukwana pang'ono, ndikanakhala pansi. Ndakhala pansi kambiri ine. Sindinakwiye. Ndangotopa. Ndikatuluka muno Maliyamu akunditenga ku Toronto. Uzimwa madzi.

Ernest 11:40
mmm

Ernest 11:52
aise ndili ndi ka cooler box m'galimoto sindikagwiritsa. ndibweretsa madzulo

Jafali 11:55
zkm man

[Rehema waimba, 12:03, sinayankhidwe]

Rehema 13:41
[mawu, 0:37]
Jafali. Unafuna kuwauza. Lachinayi m'mawa unalemba, ine ndili ndi makatani. Unafuna kuwauza, ine ndinakuletsa. Ndimaona ngati ndikukuteteza. Zimagwira kwa madam, ndimaona ngati... Sindikudziwa. Sindikudziwa, achimwene.

LOLEMBA, 30 APRIL

Rehema 05:35
wanyamuka? utenge botolo lalikulu

Ernest 09:10
ndadutsa pa gate 4. ali pompo, wandikwezera chitsulo. kamthunzi ka pa gate kaja anachotsa, akukonza msewu

Rehema 10:02
Jafali wandikwiyira? undiuze zoona, usandiope

Rehema 11:15
olo unditukwane

Jafali 12:26
palibe vuto achemwali

Jafali 12:27
foni ikutentha, ikuzima yokha. ndiika m'thumba

Rehema 12:27
wamwa madzi?

Rehema 13:05
Jafali wamwa madzi?

Rehema 13:48
Ernest uli kutali ndi mall?

Ernest 14:02
ndili Al Khor ndi bwana sisi. mpaka madzulo

[Rehema waimba, 14:03, sinayankhidwe]

Rehema 14:31
Jafali